Tifunseni za Maluwa a Ukwati: Dzuwa la Mangochi, Mwera ndi Chidebe cha Madzi

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Mangochi, ndipo pafupifupi onse akudandaula za dzuwa. Duwa lodulidwa lilibe mizu, limangodalira kaphesi kamene latsala nako kuti limwe. Kunyanja kuno, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumatentha mpaka madigiri 35 kapena kuposa, kaphesi kameneko kakangotsekeka, duwa limafota maola ochepa okha. Mayankho athu ambiri akuzungulira pamenepa.

*Ukwati wanga ndi wa Loweruka lachitatu la Okutobala, kutchalitchi m'mawa, madyerero masana pagombe cha ku Nkopola. Ndaoda marozi oyera 100 ku Blantyre. Abwere liti, ndipo ndiwasunge bwanji? — Mkwatibwi, pa Boma*

Achemwali, marozi afike Lachinayi madzulo, akachedwa Lachisanu m'mawa. Akafika Lachiwiri kapena Lachitatu, kutentha kumawamasula msanga, Loweruka mudzapeza timasamba tikuyoyoka. Akafika Loweruka lomwelo amakhala ndi ludzu la paulendo, nthawi yoti amwe n'kusowa. Muwauze ogulitsawo akusankhireni amene angoyamba kumasula, timasamba tiwiri titatu takunja titatambasuka pang'ono. Olimba ngati nkhonya ya khanda ambiri samasula n'komwe, amangoweramitsa khosi. Pa 100 amene mwaodawo onjezanipo 10 kapena 15, chifukwa m'katoni simulephera othyoka.

Ulendo ndiwo umapha maluwa ambiri. Kuchoka ku Blantyre kudzera ku Zomba ndi Liwonde ndi maola atatu kapena kuposa, ndipo mukangotsika mapiri a Machinga mwalowa m'ng'anjo. Galimoto inyamuke mbandakucha kapena dzuwa litapendeka. Katoni isakhale m'buti, pamwamba pa minibasi kapena kumbuyo kwa pikapu. Ikhale m'kati mokhala anthu, mbali yopanda dzuwa. Kumapeto kwa mapesi kukulungidwe nyuzipepala yonyowa ndi kajumbo, mitu ikhale youma. Mabotolo awiri a madzi oundana, okulungidwa m'nyuzipepala kuti asakhudze timasamba, amaziziritsa katoni njira yonse. Kulabokosi yonyamulira nsomba musabwereke ngakhale atayitsuka: fungo la chambo silichoka pa duwa, ndipo tizilombo totsalira m'menemo timaoletsa mapesi.

Maluwa asanafike, zidebe zikhale zitakonzeka. Zitsukeni ndi sopo, mutsukuluze ndi madzi a Jik. Thiranimo madzi ofika masentimita 15 kapena 20, ndipo pa lita iliyonse ikanimo supuni yaikulu imodzi ya shuga, supuni zazikulu ziwiri za madzi a mandimu ndi theka la supuni ya tiyi ya Jik. Zonsezi zigwere m'madzi chimodzichimodzi. Musasakanize Jik ndi mandimu pazokha m'kapu, zimatulutsa mpweya wotsamwitsa. Shuga ndi chakudya cha duwa, mandimu amathandiza madzi kukwera msanga m'phesi, Jik amapha tizilombo timene shuga yemweyo akanadyetsa. Amene amathira shuga yekha amadabwa kuona madzi atachita thovu m'mawa mwake, maluwa atagona. Ngati madzi a pamjigo wanu amamveka mchere pa lilime, funani a pampopi.

Duwa lililonse lidulidwe masentimita atatu kunsi, mopendeketsa, ndi mpeni wakuthwa. Sizasi yobuntha imaphwanya timitsempha tokokera madzi. Mukadula, nthawi yomweyo m'chidebe. Musadule mulu wonse kaye n'kuyamba kuviika pambuyo, chifukwa phesi limakoka mpweya ndipo mpweyawo umatseka njira. Masamba onse amene angamire m'madzi achoke. Minga ingodulani nsonga, osasenda khungwa. Timasamba takunja tooneka tobiriwira kapena tokwinyika tisiyeni mpaka Loweruka m'mawa, ndito tikuteteza duwa.

Kenaka asiyeni amwe usiku wonse m'chipinda chamdima chozizirirapo kuposa zina. Wazani madzi pa simenti, pachikani chiguduli chonyowa pawindo. Fani isawombe pa maluwa penipeni. M'chipindamo musakhale nthochi zakupsa, mango kapena tomato: zipatso zikamapsa zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene umene umakalambitsa maluwa, ndipo utsi wa mbaula ndi wa jenereta umachita chimodzimodzi. Pa nyumba imene akuphika za ukwati, chipinda choterocho chimavuta kupeza, choncho pemphani kwa aneba. Firiji ya zakudya sitiyikhulupirira kwenikweni: kumbuyo kwake kumaundanitsa timasamba, ndipo magetsi akathima maluwa amachita thukuta n'kuyamba mawanga abulauni.

Mukapeza ena aweramitsa khosi Lachisanu, musawataye. Dulaninso masentimita asanu, kulungani mitu yawo molimba m'nyuzipepala kuti khosi liwongoke, n'kuwaimika m'madzi ofunda oti dzanja likhoza kupirira, ola limodzi kapena awiri. Ambiri amadzuka.

*Ndikufuna kumanga ndekha mpukutu wa maluwa wonyamula mkwatibwi, yemwe ndi mng'ono wanga. Ndinayeserapo koma unkangomasuka. — Mkulu wake wa mkwatibwi, Mpondasi*

Umamasuka chifukwa mapesi mumawaimika mowongoka ngati mtolo wa nkhuni. Akuyenera kupingasana, onse kupendekera mbali imodzi. Pa mpukutu wozungulira wa masentimita 25 m'mimba mwake konzani marozi 18 mpaka 24, kapena marozi 12 ndi tinthambi 8 ta maluwa ang'onoang'ono, kuphatikizapo timasamba tobiriwira 6. Onse akhale atamwa usiku wonse, mapesi osalala opanda tsamba kuyambira pamene pagwire dzanja kutsika.

Gwirani duwa loyamba ndi dzanja lamanzere, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, masentimita 12 kunsi kwa mutu. Lachiwiri ligonekeni pamwamba pa loyambalo mopingasa, mutu kumanzere, phesi kumanja. Lachitatu chimodzimodzi. Mukaika atatu, tembenuzani mpukutu pang'ono m'dzanja, nthawi zonse mbali yomweyo, n'kupitiriza. Ozungulira kunja azitsikirako pang'ono kuti pamwamba pakhale ngati lichero lovundikira. Imani pa galasi muziona mmene ukuonekera kutsogolo, poti amene adzauone ndi anthu, osati inu amene muli pamwamba pake. Dzanja lisafinye; likatopa, mangani kaye ndi kalegeni mupume.

Mukakhutira, mangani ndi chingwe cha khonje pamalo pomwe panali chala, kuzunguliza kanayi. Dulani mapesi onse mofanana, kusiya masentimita 15 kunsi kwa chingwe. Mpukutu womangidwa bwino umaima wokha patebulo. Uimikeni m'jagi ya madzi ochepa. Riboni, mamita awiri, ikulungidwe m'mawa wa ukwati, kusiya masentimita atatu a kunsi osakulunga kuti uzibwerera m'madzi. Mapini alowe molozera m'mwamba, m'kati mwa mapesi, asatulukire mbali ina n'kubaya chikhatho. Utulutseni m'madzi kutatsala mphindi 20 kuti anyamuke, mupukute ndi thaulo, apo ayi diresi lidontheredwa. Mmodzi mwa aperekezi anyamule kabotolo ka madzi kodulidwa pakamwa. Nthawi ya chakudya ndi ya perekaniperekani mpukutu uzipumira m'menemo.

Ngati mwaikamo akakombo, tsinani timitu ta mungu duwa likangomasula. Mungu wake wachikasu ukagwera pa diresi loyera, osapukuta ndi dzanja, osathira madzi, ulowerera. Unyamuleni ndi selotepi, kumata n'kumatula mpaka uthe. Kaduwa ka pa jekete la mkwati kamakhala kumanzere, ndipo pangani tiwiri: koyamba sikapirira kukumbatiridwa ndi abale onse potuluka.

*Ndalama n'zochepa. Mlongo wanga akumanga nikah (ukwati wa Chisilamu) mu Novembala, phwando pakhomo. Tili ndi bougainvillea wambiri kumpanda, mitengo iwiri ya frangipani ndi hibiscus. Kodi zimenezi zingakwane? — Mchimwene wake, Malindi*

Zikwana, achimwene, ndipo kunena zoona pa Novembala wa ku Malindi tingasankhe zimenezi kusiyana ndi marozi ochokera kutali. Koma duwa lililonse lili ndi khalidwe lake.

Bougainvillea ali pampanda amapirira chilala, koma akadulidwa amafota msanga kuposa rozi. Chinsinsi chake n'chakuti zofiira kapena zapepo zimene timaziona zija ndi timasamba topyapyala ngati pepala, ndipo nthambi yake yolimba imakoka madzi pang'onopang'ono. Dulani m'mawa dzuwa lisanatuluke, nthambi zokhwima, osati nsonga zanthete. Chotsani masamba obiriwira onse, chifukwa ndiwo amalanda madzi, ndi minga yomwe. Ng'ambani kunsi kwa nthambi masentimita atatu, viikani pong'ambapo m'madzi owira masekondi 20 mutatchinga maluwa ku nthunzi ndi nsalu, kenaka mizani nthambi yonse m'bafa la madzi ozizira ola lathunthu. Mukatero iimikeni m'chidebe pamthunzi. Pokongoletsa, nthambi iliyonse ikhale ndi pomwera, kaya ndi botolo lobisika kuseri kwa nsalu. Yeserani sabata imodzi ukwati usanafike muone kuti wa pakhomo panupo akupirira maola angati. Njira yosavuta kuposa zonse ndi kuika mpando wa akwati kutsogolo kwa mpanda womwewo, osadula kanthu. Zoyoyoka pansi zitoleni, ziume pamthunzi, ana adzawaze akwati.

Frangipani alibe phesi lalitali, ndiye sakhala wa m'botolo. Thyolani m'mawa wa tsikulo, muwayale pa nsalu yonyowa m'beseni, osasanjikiza, chifukwa pamene pakhudzidwa pamada. Utomoni wake woyera umayabwa ndipo ukalowa m'maso umawawa. Siyani udonthe, musambe m'manja. Ndi singano ndi ulusi wolimba, kuboola pakati, mungatunge zingwe zolendewera pakhomo kapena kuseri kwa akwati. Pa mita imodzi konzani maluwa 40 mukawatalikitsa pang'ono. Ena ayandamitseni m'timbale tadothi tamadzi pamphasa. Akhala bwino tsiku limodzi.

Hibiscus ndi duwa la tsiku limodzi, kaya lili pamtengo kaya m'madzi. Ubwino wake safuna madzi n'komwe: thyolani amene amasula m'mawa umenewo, muwagoneke patebulo pamthunzi, afika madzulo. Novembala ndi nthawinso imene mitengo ya flamboyant imafiira. Nthambi zake ziwiri mumtsuko waukulu zimadzaza ngodya, kungoti timasamba take timagwa msanga, ndiye zisayandikire chakudya.

Chimene chimapatsa ulemerero malo ambiri si duwa koma tsamba. Mangochi ndi kwawo kwa migwalangwa ndi kanjedza. Mlaza wouma, wodulidwa mozungulira ngati chokupizira, sufota, suopa mphepo, ndipo mukhoza kuukonza mwezi wathunthu pasadakhale. Ngala za mapira, za mpunga, ndi malambe angapo m'dengu zimagwirizana nawo bwino.

Zinthu zitatu musachite. Musaluke maluwa mozungulira ngati nkhata, ndiponso musayale nthambi zamasamba pamsewu polozera alendo njira: aliyense wodutsa adzayesa pali zovuta. Chachitatu, namasupuni wa mu Shire ndi mu Malombe musamutenge ngakhale duwa lake lapepo likukopeni. Limafota maola ochepa, ndipo zotsalira zikatayidwa pamadzi zimamera n'kufalikira, pamene asodzi ndi opanga magetsi kumunsi kwa mtsinje akulimbana naye kale.

*Tikufuna chipata cha maluwa pamchenga, ukwati wa mu Julaye, pagombe la pakati pa Boma ndi Monkey Bay. Anzathu china chinawagwera pakati pa mwambo. Tichite bwanji? — Wapampando wa komiti ya ukwati*

Bambo, Julaye ndi mwini wake mwera. Kuzizira kwa mweziwu kumakomera maluwa, koma mphepo imawaumitsa ndipo imagwetsa chilichonse chosazikika. Zipata zambiri zimagwa chifukwa cha nsalu: chinsalu chachikulu chokungidwa pakati pa mitengo iwiri chimasanduka thanga la bwato. Gwiritsani ntchito nsalu zong'amba mizere ya theka la mita, zomangidwa pa mtengo masentimita 50 alionse, kuti mphepo izidutsa.

Mitengo ikhale ya bulugamu kapena nsungwi zokhwima, yotalika mamita atatu. Masentimita 60 alowe pansi, pamwamba patsale mamita 2.4, ndipo pakati pa mitengo iwiriyo pakhale mamita awiri kuti akwati ndi abusa akwanepo. Mchenga wouma sugwira mtengo. Imikani mtengo uliwonse m'chidebe cha malita 20, mutsendere miyala ndi mchenga wonyowa, kapena simenti yoti yauma masiku atatu, n'kukwirira chidebe chonsecho. Kumbuyo ikani mitengo iwiri yochirikiza mopendeka. Mtanda wa pamwamba ukhomedwe ndi misomali, kenaka umangidwe ndi malegeni. Mukamaliza, mwamuna wamphamvu achigwedeze ndi manja awiri, chikasuntha, kumbaninso.

Musazungulize maluwa chipata chonse. Magulu awiri, lina pangodya ya pamwamba, lina chapakati pa mtengo wa mbali inayo, amaoneka bwino ndipo amapepuka. Pindani waya wa khola la nkhuku ngati mtsamiro wautali theka la mita, m'kati muike siponji yonyowa yokulungidwa m'pepala lapulasitiki, mumange pamtengo malo atatu. Masamba alowe madzulo a dzulo lake, maluwa alowe kutatsala ola limodzi kapena awiri. Sankhani olimba: chrysanthemum, carnation, alstroemeria, statice, protea. Hydrangea pamphepo samaliza ngakhale ola. Mukamaliza, fundikani nsalu yopepuka yonyowa, ndipo pakhale mnyamata wolondera, poti mbuzi ndi apusi a m'mbali mwa nyanja sadikira kuitanidwa.

Pitani mukaone malowo pa ola lomwelo la mwambo. Magombe a cha ku Nkopola ndi Makokola amayang'ana kum'mawa: mwambo wa m'mawa, anthu akayang'ana kunyanja, dzuwa limawathobwa m'maso ndipo nkhope za akwati zimada pa zithunzi, masana dzuwa limakhala kumbuyo kwa anthu, zonse zimaoneka. Ku Cape Maclear ndi mosemphana, dzuwa limalowera panyanja. Kumeneko kumbukiraninso kuti mapiri ndi zilumba zozungulira zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, osathyolako tsamba kapena duwa. Nyanja imadzaza kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, mu Julaye imakhala isanaphwere kwenikweni, ndipo mu 2024 inameza magombe ambiri a m'boma lino. Musadalire chithunzi cha chaka chatha. Za nthawi imene mwera umakula pagombe limenelo, funsani asodzi a pamalopo, ndiwo amaudziwa.

*Ndimaphika makeke. Makasitomala amabwera ndi maluwa awo kuti ndibaye pa keke. Alipo oopsa? — Mayi wa makeke, Koche*

Alipo, mayi, ndipo ena ali pamipanda yathu yomweyi. Oleander, wa masamba aatali osongoka ndi maluwa apinki kapena oyera, ndi poizoni thupi lonse. Adenium, wa tsinde lotupa amene anthu amadzala m'miphika, chimodzimodzi. Gloriosa, kakombo wofiira ndi chikasu woyanga m'tchire nthawi ya dzinja, ndi wakupha. Lantana, frangipani ndi hydrangea nawonso asayandikire keke. Gypsophila, toyera ting'onoting'ono tija, amayoyokera pa kirimu ndipo si wodya.

Marozi pawokha alibe poizoni, koma ogula amakhala atapoperedwa mankhwala kumunda. Atsukeni, aume, dulani phesi kutsala masentimita asanu, likulungeni lonse ndi pulasitiki yokutira chakudya, mulowetse m'kachidutswa ka sitilo yomwera, sitiloyo ndiyo ibayidwe pa keke. Pansi pa mutu wa duwa pakhale kapepala kophikira kodulidwa mozungulira. Ikani maluwawo keke itafika kale pamalo, ndipo achotsedwe onse asanayambe kugawa. Duwa limene simukulidziwa dzina likanizeni, ngakhale mwini ukwati akakamire.

*Ndangoyamba ntchito yokongoletsa maukwati. Maluwa a patebulo la akwati anafota 2 koloko isanakwane, chonsecho siponji ya Oasis ndinayiviika. Ndinalakwitsa pati? — Mtsikana wa ku Monkey Bay*

Mukanayidula pakati siponjiyo, yobiriwira yobayapo mapesi a maluwa ija, tikukhulupirira mukanapeza m'kati muli gwa, mouma. Zimachitika munthu akayikankhira pansi ndi dzanja kapena kuyithira madzi pamwamba: kunja kumanyowa, mpweya n'kutsekeredwa pakati, ndipo mapesi amakathera pouma pomwepo. Dzazani beseni lakuya, ikani siponji pamwamba pa madzi, muyisiye imire yokha. Mphindi imodzi kapena ziwiri imakhala yakhuta, yada mtundu. Ikhale m'mbale yosunga madzi, yomangidwa ndi tepi, ndipo siyani kampata kothirira. Kuno muzithirira m'mawa ndi masana.

Phesi lilowe masentimita atatu mpaka asanu, kamodzi kokha. Mukalikokera m'mbuyo pang'ono kuti litalike, kunsi kwake kumatsala mphako ndipo silimwanso. Lizuleni, mulidule, mubaye pena. Siponji imene yagwira kale ntchito ndi yobowokabowoka, ndipo ikauma simwanso bwino. Ikasowa, musadandaule: waya wa nkhuku wopindidwa ngati mpira m'kambiya kodzaza madzi amagwira mapesi bwino, maluwa amamwa momasuka kuposa m'siponji, ndipo wayayo mugwiritsa ntchito chaka chonse.

Onaninso pamene tebulo linali. Tenti yapulasitiki kapena holo ya malata osatchinga masana imatentha kuposa panja. Kwezani mbali za tenti mphepo izidutsa, ndipo maluwa amoyo alowe omaliza, anthu ali kutchalitchi. Patebulo la akwati asatalike kupitirira masentimita 25, apo ayi abisa nkhope. Kutsogolo kumene anthu amavinira poponya ndalama kusakhale choimika chachitali chilichonse. Gulu la akuchikazi likanyamuka ndi nyimbo yawo, palibe amayang'ana pansi.

*Mwana wanga akwatiwa kumapeto kwa Ogasiti. Ndili ndi dimba. Ndingadzale maluwa ndekha? — Mayi wa ku Namwera*

Mungathe, mayi, ndipo Namwera, pokhala kumtunda kozizirirapo, ndi malo abwino. Dzalani zinnia, cosmos, marigold ndi mpendadzuwa. Onsewa amamera ndi njere ndipo nthawi yotentha amachita maluwa pakatha masiku 60 mpaka 70. Inu mukudzala m'chisanu, ndiye werengerani masiku 80 mpaka 90. Fesani katatu: pakati pa Meyi, kumapeto kwa Meyi, ndi cha pa 10 Juni. Zinnia, cosmos ndi marigold mukamawadula amaphukiranso, choncho kufulumira sikulakwika. Mpendadzuwa wa mutu umodzi umamasula kamodzi basi, n'chifukwa chake kufesa mosiyanitsa masiku kuli kofunika.

Bedi la mita imodzi m'lifupi, mamita 10 m'litali, mizere inayi, mbewu zotalikirana masentimita 25, limalowa mbewu 160. Mabedi awiri otere akwanira tchalitchi, tebulo la akwati ndi aperekezi. Thirani chidebe chimodzi cha manyowa owolerana pa mita iliyonse. Yuriya wambiri amabereka masamba, maluwa n'kuchepa. Thirirani pansi, osati pamasamba, chifukwa zinnia amagwidwa chinguwi choyera ngati ufa. Mbewu zikafika masentimita 25, tsinani nsonga kuti zichite nthambi zambiri zazitali, kupatula mpendadzuwa. Ngati mbewu ya mpendadzuwa ndi ya kumunda ija yoyengera mafuta, ithinanitseni masentimita 15 kuti mitu ichepe. Yaikulu ngati mbale imathyola khosi m'botolo.

Dulani Lachisanu mbandakucha, chidebe cha madzi chili pambali panu m'dimba momwemo. Zinnia muyeseni kaye: gwirani phesi chapakati mugwedeze, mutu ukamagwedera ngati wa mwana wa tulo ndiye kuti sanakhwime, adzafota; ukaima nji, dulani. Mpendadzuwa dulani timasamba tachikasu titangoyamba kudzuka. Cosmos dulani asanamasule kwenikweni. Marigold fungo lake lili m'masamba, apululeni onse. Nkhuku ndi mbuzi zisapeze polowera, makamaka mu Ogasiti pamene msipu wauma.

*Apongozi akuti maluwa apulasitiki ndi kunyoza ukwati, koma amoyo okhaokha sitikwanitsa. Ukwati ndi wa ku Katolika, mu Malichi. — Mkwati, Chimwala*

Yambani mwaonana ndi bambo mfumu. Malichi nthawi zambiri amagwera m'nyengo ya Lenti, pamene mpingo wa Katolika sulola kukongoletsa guwa ndi maluwa kupatula masiku ochepa apadera, ndipo ngakhale nyengo zina maluwa amaikidwa mozungulira guwa, osati pamwamba pake. Mwina mupeza kuti zogulira m'tchalitchi n'zochepa kuposa mmene mumaganizira. Amene akumanga ukwati kumzikiti kapena mipingo ina, nawonso afunse ashehe kapena abusa asanagule kanthu.

Za apongozi, ali ndi mfundo pang'ono: apulasitiki okhaokha, ofumbira, osuluka ndi dzuwa, amaoneka. Koma kusakaniza si mwano. Amoyo akhale pamene pafika dzanja ndi mphuno: m'manja mwa mkwatibwi, pa jekete, patebulo la akwati, ndi pa chifuwa cha amayi a mbali zonse ziwiri, apongoziwo poyamba. Ansalu akwere m'mwamba, pa chipata, pa nsanamira ndi pagalimoto, kumene amoyo sangapirire mphepo ndi kutentha kwa boneti. Obwerekawo mukawaone masana, osati usiku. Atsukeni m'madzi a sopo ofunda, aume mozondoka pamthunzi, ndipo opindika awongoleni pa nthunzi ya ketulo. Pakati pawo lowetsanimo masamba enieni a bulugamu, mango kapena kanjedza, amene mu Malichi ali paliponse, magawo awiri a masamba pa gawo limodzi la maluwa.